Nabanda wachoka pa bedi, akuyang'anira odwala pa kompyuta

Nabanda, Indiana:
Mwaswera bwanji abale. Ena mwakhala mukundifunsa kumbali kuti ndasowa bwanji, kapena ndikudwala. Ndili bwino ndithu, kungoti ndasintha ntchito. Msana unandikana nditatha zaka 22 ndikutembenuza odwala, ndiye ndachoka pa bedi. Panopa ndili ku tele-ICU, kumene timayang'anira odwala mwakayakaya a mu ICU tili kutali, kudzera pa kompyuta. Timakhala m'nyumba ya maofesi momwe mulibe wodwala ndi m'modzi yemwe, kutsogolo kwanga masikirini 6, kumutu mahedifoni. Usiku umodzi ndimayang'anira mabedi 35, nthawi zina 40, a m'zipatala 4. Chipatala china chili kutali ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Kasungu.

Matroni Opuma:
Iwe Nabanda, ndiye kuti wasiya unamwino wayamba ulonda?

Naphiri UK:
A Matroni mwayamba kale 😂

Nabanda, Indiana:
Amayi, ndinadziwa kuti muyamba ndinu. Ulonda womwewo, koma mlonda wake ayenera kudziwa kuti potassium ikafika 6.5 mtima uli pa ngozi. Ndifotokoze pang'ono mmene zimakhalira. Monita ya pa bedi lililonse imatumiza kwa ife kugunda kwa mtima, BP, kapumidwe ndi mpweya wa m'magazi nthawi yomweyo. Zotsatira za ku labu ndi mankhwala omwe wodwala walandira timazionanso. M'chipinda cha wodwala muli kamera ndi sipika. Kamerayo siyang'ana munthu usiku wonse ayi, imakhala itatembenukira kukhoma. Ndikafuna kulowa limayamba lalira belu, ngati odi, kenaka ndimadzitchula dzina. Ndikhoza kuikokera pafupi mpaka kuwerenga manambala a pa pampu ya dripi kapena kuona kamwana ka m'diso. Pakhoma palinso batani. Namwino wa pa bedi akapanikizika amalidina, ine ndimatulukira pa sikirini, ndipo pambali panga pamakhala dokotala wa ICU.

Tiyamike:
Asisita pepani, ine ndi wa chaka chachitatu, ndangolowetsedwa kumene pagulu pano. Nanga mtima wa wodwala ukaima inu muli kutali choncho mumatani?

Nabanda, Indiana:
Takulandira mng'ono wanga. Manja ndilibe, limenelo ndiye bala lake la ntchitoyi. Iwo akutsindika pachifuwa, ine ndimagwira wotchi: mphindi 2 zakwana, sinthanani, tione kagundidwe. Adrenaline munapereka mphindi 3 zapitazo. Ndimalemba zonse kuti amene akanagwira cholembera akhale ndi manja awiri. Sabata yoyamba ndinkapezeka ndaimirira pampando, mapewa akutsindika okha. Anzanga ankandiseka.

Chikondi ICU:
Mwaswera bwanji asisita Nabanda. Ine ndili pa shifiti ya usiku pompano, ndiye ndizilowa ndikutuluka. Funso langa ndi limodzi: anamwino a pa bedi amakukondani? Chifukwa ine munthu atamandiyang'ana pa kamera ndikusintha wodwala, ndingamve ngati a Matroni abwerera ku ntchito ndipo sakugonanso.

Matroni Opuma:
Chikondi, ndikukuona.

Nabanda, Indiana:
Osabisa, ambiri amayamba ndi kutida. Amatitenga ngati akazitape a mabwana. Wina anapachika thaulo pa kamera usiku wanga wachiwiri. Amene amatikonda msanga ndi ongoyamba kumene, chifukwa 3 koloko usiku mwana wa chaka chimodzi pa ntchito amachita manyazi kudzutsa dokotala ndi funso lomwe akuliona ngati lachibwana. Kwa ine amafunsa mopanda mantha.

Koma ndikuuzeni chomwe chinandipangitsa kusiya kudziona ngati mlonda. Panali bambo wina wochitidwa opaleshoni ya m'mimba masana ake. Cha m'ma 11 usiku mtima unkagunda 88. Itakwana 1 koloko unali pa 99. Pofika 3 koloko unali pa 114, BP ikutsetsereka pang'onopang'ono ngati madzi a mu ndowa yobooka. Palibe nambala yomwe inadutsa malire oti alamu ilire. Namwino wake anali ndi wodwala watsopano chipinda china, ndipo nthawi iliyonse akasuzumira ankaona nambala ya nthawi imeneyo yokha, yomwe sinali yoopsa. Ine ndinali ndi mzere wonse wa maola 4 pamaso panga. Ndinaimba belu, ndinamupempha agwire mimba. Inali itauma gwa. Magazi ankatayikira m'kati. M'mawa kusanache anali atabwerera ku fiyeta.

Matroni Opuma:
Wachita bwino, koma usandiuze ngati ndi zatsopano. Tchati chapepala chija ndinkakulembetsani ndi cholembera chofiira ndi chabuluu, ndikumakukalipirani kuti mulumikize madontho, chinali cha chiyani? Mzere womwewo. Vuto munkalemba manambala ngati mukulemba mitengo ya tomato, osayang'ana komwe akupita.

Ndipo taona zomwe wanena wekha. Unamupempha agwire mimba. Wagwira ndani?

Nabanda, Indiana:
Iyeyo, amayi. Sindikukana. Ndipo zimachitikanso mosemphana. Mwezi watha namwino wina anadina batani nkunena kuti wodwala wake sakumusangalatsa. Ndinayang'ana zanga zonse, zili bwinobwino. Iye akuti mawondo azizira, akutukuta thukuta lomata, wayamba kutolatola bulangete, ndipo mpweya wake wasintha fungo. Kamera ilibe mphuno. Patadutsa maola awiri manambala anga anavomereza zomwe iye ananena kale.

Bambo a Yami:
Ine si namwino, ndimakonza makina anuwa, koma nkhaniyi ndimaitsata. Anthu amaganiza kuti inabwera ndi COVID, koma ndi yakale. Madokotala awiri a ku Johns Hopkins, Brian Rosenfeld ndi Michael Breslow, ndi amene anayambitsa kampani ya VISICU, ndipo chipinda choyamba chotere chinatsegulidwa mu 2000 ku Sentara, mumzinda wa Norfolk ku Virginia. Philips inagula kampaniyo mu 2008. Chinawakakamiza n'choti madokotala a ICU anali ochepa ndipo usiku m'zipatala zing'onozing'ono simunkapezeka ndi m'modzi yemwe. Ndiye ngakhale ku America kuja chinabadwa ndi kusowa kwa anthu, osati kulemera.

Chikondi ICU:
Ngati ndi kusowa kwa anthu, ifeyo tinayenera kuyamba. Ndipotu tinayamba kale, kungoti dzina lake ndi WhatsApp. X-ray timaiyimika pa zenera, kujambula, kutumiza kwa akuluakulu ali kunyumba. Manambala a makina opumira kujambula, kutumiza. Yankho limabwera ndi mawu ojambula, nthawi zina kumbuyo kukumveka agalu. Bandulo ndi ya m'thumba mwanga.

Kiliniko wa ku Boma:
Zoona zimenezo. Ife ku chipatala cha boma kuno tikafuna kutumiza wodwala ku central, timayamba tatumiza zithunzi kuti atiuze ngati bedi lilipo. Zapulumutsa mafuta a ambulansi ambiri, komanso odwala omwe akanafera m'njira ulendo wopanda phindu.

Sisita Nangozo, admin:
Ndilowe pang'ono pamenepa, chifukwa ndi pomwe timalakwa. Kujambula X-ray dzina la wodwala likuoneka pakona, nkuitumiza pa gulu la anthu 60, ena anachoka kale ntchito pamalopo, si telemedicine (kuthandiza wodwala uli kutali) imeneyo, ndi kuulula chinsinsi cha wodwala. Chithunzicho chimakakhala mu foni yomwe madzulo mwana wanu akuseweretsa. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makina la 2024, ndipo ngakhale lamulolo lisanabwere, a Nurses Council sanalolepo zimenezi. Phimbani dzina, tumizani kwa munthu m'modzi amene akufunika, mukatha fufutani. Ndipo pagulu pano chithunzi cha wodwala ndikachiona ndichotsa pamodzi ndi mwini wake.

Chikondi ICU:
Tamva asisita. Koma atipatse njira ina yovomerezeka, chifukwa 2 koloko usiku wodwala akutsika, sindingadikire komiti.

Naphiri UK:
Ine ndikufuna ndidandaule za maalamu, mwina mtima ukhala pansi. Kuno bedi limodzi la ICU lili ndi monita, makina opumira, mapampu 8 kapena 10, makina osefa magazi, matiresi a mpweya, chilichonse ndi kulira kwake. Ndikafika kunyumba ndimamva kulira m'makutu, maikulowevu ikalira ndimadzidzimuka. Choopsa n'choti khutu limazolowera. Ku San Francisco anawerenga maalamu a m'ma ICU 5 kwa masiku 31, zotsatira zinatuluka mu 2014: maalamu oposa 2.5 miliyoni kwa odwala 461. Omveka ndi khutu anali 187 pa bedi lililonse tsiku lililonse. Mwa maalamu a kagundidwe ka mtima omwe anawaunika limodzilimodzi, pafupifupi 89 pa 100 alionse anali abodza. Wodwala wangodzikanda, waya wamasuka, akutsuka mano. Ndiye tsiku lomwe ikulira zoona, dzanja limapita lokha kukaizimitsa maso asanaone.

Matroni Opuma:
Galu wouwa usiku uliwonse, tsiku lobwera akuba anthu amangotembenuka pa mphasa.

Naphiri UK:
Ndendende amayi. Ndipo kulemba! Kale ndinkalemba nditatsamira pa bedi, maso pa wodwala. Panopa kompyuta ili pa ngodya, ndiye nthawi yambiri wodwala amaona msana wanga. Ubwino wake ulipo, sindinama. Mankhwala timayamba tawunika kachibangiri ka wodwala ndi paketi, ukatenga olakwika imakana. Pampu ukaika mlingo wopitirira imakufunsa kawiri. Zolemba za madokotala zija tinkaitanirana anthu atatu kuti tiwerenge zinatha. Koma mabokosi odina achuluka, ena sathandiza wodwala, amathandiza amene adzafufuze mlandu.

Achimwene a ku Joni:
Moni nonse, ndangotuluka kumene. Ndawerenga zonse. Ine nkhawa yanga si makina, ndi mabwana. Ndili ku chipatala cholipira, ndipo ndimawadziwa anthu owerengera ndalama. Mukawaonetsa namwino m'modzi akuyang'anira mabedi 40, iwo samva kuti ndi diso lowonjezera. Amamva kuti pa bedi tikhoza kuchotsapo awiri. Lero ICU ndi namwino m'modzi wodwala m'modzi kapena awiri, mawa adzati atatu poti kamera ilipo. Kamera idzatembenuza wodwala maola awiri alionse? Idzayamwa makhololo mu chubu? Idzasambitsa?

Nabanda, Indiana:
Achimwene, zimenezo ngakhale ife timakangana nazo kuno. Ine ndinawauza pondifunsa ntchito kuti ndikadzaona akuchepetsa anamwino pa bedi chifukwa cha ine, ndidzabwerera ndi msana wanga wothyokawu. Anaseka, koma ndinkanena zoona.

Kiliniko wa ku Boma:
Nanga zimathandizadi? Ndikufunsa za anthu kuchira, osati kukongola kwa masikirini.

Bambo a Yami:
Zotsatira zake n'zosakanikirana, akulu. Ku Massachusetts, kafukufuku wa 2011 anapeza imfa za m'chipatala zatsika kuchoka pa 13.6 kufika pa 11.8 pa 100 alionse atayamba tele-ICU. Wina wa ku Texas wa 2009 sanapeze kusiyana kwenikweni pa odwala onse. Kumeneko madokotala ambiri a pa bedi sanalole a kutaliwo kusintha chithandizo, kupatula pa ngozi. Ndiye wina akuona koma wamangidwa manja. Womwe ukutiyandikira ife ndi wa ku Brazil, unatuluka mu 2024. Anatenga ma ICU 30, theka lake dokotala wodziwa za ICU ankazungulira nawo odwala pa kanema tsiku lililonse la ntchito, theka linalo ayi, odwala onse oposa 17,000. Masiku okhala mu ICU sanachepe.

Chikondi ICU:
Sindikudabwa. Munthu akhoza kundiuza pa kanema kuti yambitsani noradrenaline pa pampu, muyeze lactate, mubwereze mpweya wa m'magazi pakatha ola. Ine nkuvomera mwaulemu kuti chabwino dokotala. Pampu ilipo imodzi ndipo ili pa bedi 2. Makina oyezera mpweya wa m'magazi alipo koma makatiriji anatha mwezi watha. Malangizo abwino, koma agwera pa mwala.

Pepani, ndibwera, bedi 3 ikulira.

Tiyamike:
Podikira asisita Chikondi, ndifunse. Ku wodi kuno chida chomwe timadalira kwambiri ndi kachipangizo ka pa chala kaja koyezera okosijeni m'magazi, ka oximeter. Ndinamva kuti kamanama pa khungu lakuda. Ndi zoona kapena ndi nkhani za pa Facebook?

Naphiri UK:
Tiyamike wafunsa funso la usiku uno. Ndi zoona, ndipo ndimakwiya kuti ndinaphunzira zimenezi nditagwira ntchito zaka 15. Oximeter imawalitsa kuwala kwa mitundu iwiri kudutsa chala, kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso, nkuyerekeza kuchuluka kwa komwe kwamwedwa ndi magazi. Khungu lakuda limamwa kuwala mosiyana, ndipo makina ambiri anawayesera pa anthu akhungu loyera. Mu December 2020 madokotala a ku University of Michigan anafalitsa zomwe anapeza atayerekeza nambala ya pa chala ndi magazi enieni otengedwa mu mtsempha. Pamene kachipangizo kankati 92 mpaka 96, magazi enieni anali pansi pa 88 mwa odwala akuda 11.7 pa 100 alionse. Mwa azungu zinali 3.6. Kuwirikiza katatu. Ndipo kamanama mokukhazika mtima pansi, kamati zili bwino pamene munthu akumira.

Taganizani nthawi ya COVID, pamene nambala imeneyi ndi yomwe inkagamula kuti uyu alandire okosijeni, uyu abwerere kunyumba. Boma la kuno linachita kukhazikitsa kafukufuku wapadera pa za kukondera kwa zida zachipatala, lipoti lake linatuluka mu March 2024.

Nabanda, Indiana:
Ndipo ineyo ndi amene ndili pa ngozi yaikulu yonamizidwa, chifukwa ndimakhala ndi nambala yokhayo. Ndikaona 94 yobiriwira pa bedi la munthu wakuda, ndinadziphunzitsa kuyang'ana kaye kapumidwe. Ngati akupuma ka 32 pa mphindi, 94 imeneyo sindiikhulupirira, ndimapempha atenge magazi.

Kiliniko wa ku Boma:
Ife odwala athu onse ndi akuda, ndipo makina otsimikizira ndi magazi tilibe. Koma Tiyamike usamve ngati tikuti ukataye. Kachipangizo kameneka kapulumutsa ana ambiri a chibayo kuposa chida china chilichonse chomwe ndagwirapo, ndipo ku fiyeta sindingagoneke munthu popanda iko. Kungoti udziwe pomwe kamapunthwa. Ndikuwonjezere ziwiri za kwathu kuno. Mwezi wa June anthu amagona ndi mbaula m'nyumba atatseka mazenera. Amabwera nawo atakomoka, pa chala pakuti 99. Utsi wa makala uja umakakamira magazi pamalo pa okosijeni, ndipo kachipangizo sikasiyanitsa. Mpatse okosijeni wambiri osayang'ana nambala. Chachiwiri, mwana wa malungo magazi atatsika kufika Hb 3, m'manja mwayera mbuu, akhoza kukuonetsa 98. Timagazi tochepa tomwe tatsalato tadzaza okosijeni, koma n'tochepa. Iwe ukalemba 98 nkudutsa, mwana wapita.

Matroni Opuma:
Tsegula chikope, yang'ana lilime, gwira mapazi. Werenga kapumidwe mphindi yathunthu ndi wotchi, osati kungolemba 20 pa aliyense ngati munachita kugwirizana. Ndinkadziwa kuti mukunama ndikaona wodi yonse ikupuma ka 20.

Naphiri UK:
Amayi ngakhale kuno 18 ndi 20 zimachuluka modabwitsa 😂 Ndipo nambala yabodzayo ukailowetsa mu tabuleti, NEWS2, njira yathu yoonera ngati wodwala akuipiraipira, imawerengera bwinobwino nkukuuza kuti wodwala ali bwino. Kompyuta sidziwa kuti unanama.

Achimwene a ku Joni:
Nanga zija akuti kompyuta izilosera sepsis, vuto loopsa lija lobwera thupi likagonja ndi tizilombo, isanaoneke?

Nabanda, Indiana:
Tili nazo, zimatulukira pa sikirini usiku wonse. Ku Michigan komweko anayesa pulogalamu ya kampani ya Epic yolosera sepsis, zotsatira zinatuluka mu 2021. Inaphonya odwala sepsis 67 pa 100 alionse, koma inalira pa odwala 18 pa 100 alionse ogonekedwa m'chipatala. Anaikonzanso pambuyo pake. Ine ndimaitenga ngati mwana wokuuza kuti kunja kuli munthu. Umapita kukaona, koma sutenga chikwanje nthawi iliyonse.

Chikondi ICU:
Ndabwera. Inali waya ya pachifuwa yamasuka chifukwa cha thukuta, tizomata tija tikugwiritsa ntchito kachiwiri. Ndawerenga za oximeter. Vuto langa ine ndi la pansi kuposa pamenepo: mamonita alipo 4, zingwe za pa chala zamoyo zilipo 2. Ndiye timasuntha chingwe bedi ndi bedi ngati chikho cha pa maliro.

Bambo a Yami:
Apa ndiye mwandiponda pa chilonda. Ku shedi kwathu kuli manda a makina. Opereka amabweretsa monita yokongola ya mamiliyoni, kujambulitsa, kuwomba m'manja, kupita. Chingwe cha pa chala chimatha pa miyezi ingapo, ndipo kampani iliyonse ili ndi pulagi yakeyake, cha Mindray sichilowa pa Philips. Batire ikafa, magetsi akangophethira monita imazima nkuiwala malire a maalamu omwe munaika. Ena amabwera a magetsi a 110, wina nkulumikiza pa 230 yathuyi, utsi. Musanalote za kamera, ndipatseni bajeti ya zingwe, mabatire ndi choteteza magetsi.

Zomwe zimakhalitsa ndi zomwe zinapangidwa anthu akuyang'ana wodi yathu. Pumani ija yothandiza makanda kupuma anaipanga a Rice University pamodzi ndi a ku Queens, poyamba ndi timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba. Ikavuta ndimaitsegula ndi sikuludiraiva wamba.

Kiliniko wa ku Boma:
Ndiponso tisaiwale kuti odwala mwakayakaya ambiri sali mu ICU. Kafukufuku wa m'maiko 22 a mu Africa yemwe anatuluka mu 2025 anapeza kuti mwa akuluakulu ogonekedwa m'chipatala, m'modzi mwa 8 alionse ali mwakayakaya, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 a iwowa ali mu wodi wamba. Kumeneko monita yake ndi gadiyani. Ndi amene amathamanga kudzagogoda kuti asisita, kapumidwe kasintha. Ine nditapatsidwa ndalama ya kamera imodzi, ndingagule ma oximeter abwino a m'manja ndi mawotchi a pakhoma mu wodi iliyonse, yotsalayo nkuphunzitsa magadiyani zizindikiro zitatu zoti akaziona asadikire kuti kuche.

Naphiri UK:
Magadiyani mwawatchulawo ndi omwe ndinawasowa kuno mu 2020. Abale ankaletsedwa kulowa. Tinkagwira tabuleti yokutidwa mu pulasitiki pafupi ndi khutu la munthu ali pa makina opumira, banja lonse lili pa kanema kutsanzika. Dzanja limodzi tabuleti, linalo wagwira dzanja la wodwala m'malo mwa mkazi wake. Ndikuthokoza kuti chidacho chinalipo, apo ayi akanapita osamva mawu a ana awo. Koma sindifuna kudzachitanso. Ndisiyire pomwepa.

Matroni Opuma:
Pepa mwana wanga.

Tiyamike:
Pepani asisita Naphiri.

Ndili ndi ganizo, musandiseke. Asisita Nabanda akugwira usiku ku Indiana. Koma kukakhala 12 koloko usiku kumeneko, kuno kumakhala kutacha. Bwanji osaika chipinda cha masikirinicho ku Lilongwe, ife nkumayang'anira odwala awo masana, kulandira madola, kugona kunyumba?

Bambo a Yami:
Sukuseketsa, ena anachita kale. A chipatala cha Emory ku Atlanta, ku America, anayamba kutumiza madokotala ndi anamwino awo ku Australia, poyamba ku Sydney mu 2016, kenaka ku Royal Perth Hospital mu 2018, kuti usiku wa ku Atlanta aziuyang'anira dzuwa likuwala. Perth ndi Atlanta zimasiyana maola 12 kapena 13 malinga ndi nyengo. Koma anali antchito awo omwe, a ziphaso za ku America. Ndipo pamafunika intaneti yosaphethira, ya njira ziwiri, ina ikaduka ina igwire.

Matroni Opuma:
Tiyamike, ukudziwa chomwe wanena? Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa maiko omwe olemera sayenera kubwera kudzakopa anamwino, chifukwa tatsala ochepa. Ndiye iwe wawapezera njira yotitengera anamwino popanda ndege. Adzatenga ndani? Sadzatenga iwe wa chaka chachitatu. Adzatenga Chikondi, amene wakhala zaka 9 mu ICU, yemwe amadziwa kusiyanitsa alamu yabodza ndi yoona ali chogona. Chikondi adzakhala mu Area 47 mu ofesi yozizira kuyang'anira nkhalamba ya ku Indiana, pamene bedi 3 ikulira payokha mtunda wa makilomita 5.

Chikondi ICU:
A Matroni, mukandifunsa usiku uno kuti ndisankhe, musayembekezere yankho la mu Baibulo. Lendi yakwera kawiri chaka chino.

Nabanda, Indiana:
Ine sindingaweruze, ndinakwera ndege. Koma nditembenuze ganizo la Tiyamike. Tilipo angati kunja kuno odziwa ICU? Usiku wa kwathu umakhala madzulo kuno, ndisanalowe ntchito. Namwino wa ku chipatala cha boma ali yekha ndi wodwala wovuta akanakhala ndi nambala yoimba kuti afunse mnzake, popanda kamera, popanda sikirini. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba choncho ku Balaka mu 2011, anthu ambiri anachidziwa. Icho ndi cha anthu wamba. Cha anamwino okhaokha chingavute pati?

Sisita Nangozo, admin:
Chingavute pa chiphaso. Kalata yanu ya ku Council inatha liti, asisita? Mukalangiza molakwa wodwala nkumwalira, adzaima pamaso pa Council ndi amene anali pa bedi, inu muli ku Indiana. Komanso mankhwala omwe mwazolowera kumeneko theka lake ku pharmacy kwathu kulibe. Sindikukana ganizolo, koma lidutse ku unduna ndi ku Council, lisakhale la pagulu la WhatsApp.

Nabanda, Indiana:
Inatha 2011. Mwandigwira.

Naphiri UK:
Ndiponso makina akagwa muzikhala ndi pepala. Mu May 2017 kachilombo ka pa kompyuta ka WannaCry kanagwetsa makina m'zipatala zambiri za boma kuno ku UK (NHS), maopaleshoni kuimitsidwa, maambulansi kubwezedwa. Ife kwathu makina anazimapo maola 7 usiku wina, ana ophunzira kuno anasowa pogwira, sanalembepo tchati cha madzi olowa ndi otuluka pa pepala. Tinatsogolera ndife a ku Malawi, Zimbabwe ndi Philippines. Ndinajambula mizere ndi rula ngati ndili ku Kamuzu College of Nursing.

Matroni Opuma:
Ndi cholembera chofiira?

Naphiri UK:
Chofiira ndi chabuluu amayi, ndipo madontho ndinalumikiza.

Chikondi ICU:
Abale ndikuthawani, aimba kuchokera ku fiyeta, akubweretsa mayi wotaya magazi atabereka, ndipo bedi lopanda munthu ndi lomwe lilibe chingwe cha pa chala. Ndikachotsa kwa bambo a bedi 1, iwo ndiye akupezako bwino.

Nabanda, Indiana:
Thamanga. Ukapeza mpata mawa unditumizire kumbali chithunzi cha pulagi ya chingwecho ndi dzina la monita. Ndikubwera December, zingwe sizilemera mu sutikesi.

Bambo a Yami:
Ajambule ndi kambale ka kumbuyo komwe kuli nambala ya mtundu wake, asisita, apo ayi mudzabweretsa zokongola zosalowa. Mutengenso za ana, zomata zija. Ndipo kalata ya chipatala yoti ndi mphatso ikonzedwe isanafike December, tingadzakangane pa Chileka.

Tiyamike:
Ine mawa ndili ku wodi ya amuna. Wotchi ya pakhoma inaima kalekale, ndiwerengera pa foni, asisita akandiona asaganize kuti ndili pa TikTok.

Matroni Opuma:
Uwauze kuti ndakutuma ndine. Mphindi yathunthu, Tiyamike, osati masekondi 15 nkuchulukitsa ndi 4.